Dothi la Kuseri kwa Mpanda

Ku Indiana ndinapita kukasambitsa nkhalamba za eni, ndipo sindichita nazo manyazi. Ena akabwerako amati ankagwira ntchito kuchipatala, n'kusiyira pomwepo kuti muganize kuti ankabaya jakisoni. Ine ndinkasintha matewera a anthu akuluakulu, kuwamwetsa phala, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Ntchito imeneyo ndiyo inafolera nyumba ya achemwali anga ku Balaka ndi malata. Koma chomwe chinandisunga kumeneko zaka zambirimbiri si ntchito ayi. Chinali dothi.

Ndinachoka ndi chitupa chopitira ku msonkhano wa amayi a mpingo. Msonkhano utatha anzanga anakwera ndege, ine ndinatsala, monga mmene tinapanganirana ndi a Nachisale, mayi wa kwathu amene anali atakhalitsa ku South Bend. Kumudzi ndinasiya mwana wanga wamkazi, Tiyanjane, amene timangomuti Tiya, m'manja mwa achemwali anga, chifukwa bambo ake anali atamwalira. Anali atangoyamba sukulu, mano akutsogolo atagweluka. Pa depoti ya basi ndinanjuta kuti tilingane msinkhu, n'kumulonjeza kuti ndidzabwera asanasiye pensulo n'kuyamba kulembera bolopeni. Sanalire. Anangondifunsa ngati bolopeniyo ndidzabwere nayo ndine, ndipo ndinavomera.

A Nachisale anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, woyendetsa galimoto yakale imene inkalira ngati chigayo. Ankadziwa malamulo onse a dziko limenelo, makamaka malamulo amene kulibe. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuvala masokosi awiri, kuyenda pa sinowo osagwa chagada, ndi kuyankha mwachidule mzungu akafunsa kumene ndachokera. Tinkagona anthu ambiri m'nyumba ya zipinda ziwiri, mosinthana. Wina akamalowa kuchokera kuntchito wina amadzuka, moti bulangete silinkazizira. Tinkakangana za sopo ndi za amene wamaliza ufa, koma wina akadwala tonse tinkamugwirira mashifiti ake. Chitupa changa chitatha masiku ndinakhala mmodzi wa aja osatchula dzina lawo mokweza, owona galimoto ya apolisi mtima n'kuyamba kugunda ngakhale usanalakwe kanthu.

Patapita nthawi a Nachisale anandipezera ntchito yogona konko, kunja kwa tauni, kwa gogo wina wachizungu dzina lake Irene. Mwana wawo wamwamuna ankakhala ku Chicago, ankabwera pa sitima mwa apo ndi apo, ndipo sanandifunsepo za mapepala. Kwa munthu ngati ine imeneyo inali mphoto. Msewu wake unali wa nyumba zing'onozing'ono zamatabwa, ndipo madzi a tauni sankafikako. Nyumba iliyonse inali ndi chitsime chake, pampu ili m'chipinda chapansi. Kuseri kwa nyumbazo kunkadutsa ngalande ya madzi yotuluka pansi pa mpanda wa waya, ndipo mkati mwa mpandamo munali chifakitale chakale, mawindo osweka, mitengo itamera mpaka kuboola denga. Nditafunsa, gogo Irene anati malemu amuna awo ankagwira ntchito mmenemo ali mnyamata, kudula zitsulo zolemera zimene aboma sankawauza kuti n'zachiyani. Anadzamva atakalamba kuti zinali zopangira mabomba a nyukiliya. Ananena zimenezi akuyang'ana wayilesi ya kanema, ngati mmene munthu anganenere kuti amuna ake anali telala. Ine ndinangoti oo, n'kupitiriza kuwapesa tsitsi.

Za bambo ake a mwana wanga wachiwiri sindinenapo zambiri. Tinakumana pa phwando la ufulu wa dziko lathu limene Amalawi akumeneko ankachita m'paki. Anali wodziwa kuvina ndi kulonjeza. Nditamuuza kuti ndili ndi pakati, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msuweni ku Texas amene akufuna thandizo mwachangu. Mpaka lero akuthandizabe.

Mimba ya Tiya ndinkadya dothi la pachulu, ngati mmene ankachitira amayi anga ndi akazi onse amene ndinakula nawo. Palibe amene ankadabwa nazo. Kumsika limagulitsidwa poyera pambali pa tomato. Ndiye mimba iyi itafika miyezi inayi chilakolako chija chinabwera ndi ukali. Ndinkadzuka malovu ali njoo m'kamwa, ndikuganiza za dothi basi. Nyama inkandinunkha, mkate unkandikola pakhosi. A Nachisale atapita ku Indianapolis anandigulira dothi loyera la m'sitolo ya anthu a ku West Africa pa Lafayette Road, koma linkangomveka ngati choko cha aphunzitsi. Ndinalawa kamodzi n'kulisiya.

Tsiku lina sinowo atasungunuka kunagwa mvula, ndipo itakata ndinatulutsa gogo Irene pachikuku chawo kuti awothere dzuwa. Fungo linandimenya kuchokera kuseri kwa nyumba, fungo lenileni la mvula yoyamba. Ndinawasiya gogo pakhonde n'kutsata mphuno yanga mpaka kungalande. Pamene madzi anagumula gombe, pafupi ndi mpanda, panaoneka dothi lotuwa, lomata, lopanda mchenga. Ndinatapa ndi chala n'kulawa. Ndinatseka maso, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dziko limenelo ndinamva kuti thupi langa lapeza chimene limafuna.

Kuyambira pamenepo ndinkapita ndi supuni ndi kambale. Ndinkaliumba timibulu, kuliyanika pawindo, kenako kuliwotcha mu uvuni wa gogo mpaka liume gwa. Ndinkati moto ukupha tizilombo, ndiye ndine mayi wosamala. A Nachisale atabwera kudzandiona ndinawapatsako. Anatafuna, anayang'ana kudenga, n'kulengeza kuti ili ndiye la kwathu, likungoperewera chiswe. Anatenga lina kukagawira mtsikana wina wa kumpingo amene nayenso anali woyembekezera, koma iye analikana, anati wasiya za kumudzi. Tinamuseka kuti wasanduka mzungu asanapeze n'komwe mapepala. Ine ndinkayenda nalo m'thumba la juzi, kubenthula pang'onopang'ono tsiku lonse, kwa miyezi.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala mayi wina dzina lake Peggy, wowonda, wosuta fodya kwambiri. Amuna ake anamwalira ndi khansa ya impso. Iyeyu ankayenda khomo ndi khomo ndi mabotolo, kutunga madzi a pampopi kuti akayezedwe, ndipo ankatha kukulozera msewu wonse ndi ndudu yake: uko kunamwalira bambo, uko mwana wawo anadwala magazi, uko mayi anachotsedwa chotupa. Ankati zonsezi ndi chifakitale chija, kuti poizoni wake analowa pansi ndipo tikumwa. Ena ankamukhulupirira, ena ankati chisoni chamusokoneza. Gogo Irene ankati amwa madzi amenewo moyo wawo wonse ndipo akali moyo mpaka kutopa nawo. Ine ndinkamvera ngati nkhani za eni. Kwathu madzi oipa amaoneka, amanunkha, amatsegula m'mimba. Awa anali oyera mbee, ozizira, okoma.

Peggy ndi anzake anavutitsa aboma mpaka anaitanitsa msonkhano mu holo ya pasukulu, momwe ana amaseweramo mpira. Gogo Irene anati akufuna kukaona anthu akukangana, poti kunyumba kunalibe chosangalatsa, ndiye a Nachisale anatitenga pagalimoto yawo. Tinakhala kumbuyo, ine pambali pa chikuku, mimba ili patsogolo. Holo inadzaza. Anthu ankaimirira mmodzimmodzi, ena atanyamula zithunzi za abale awo omwalira. Bambo wina anati wayesa kugulitsa nyumba yake kuti asamuke koma ogula akangomva dzina la msewu amabwerera pageti. Apo m'pamene ndinazindikira kuti azungu amenewa nawonso anali omangika, mapepala ali nawo koma kopita alibe.

Kutsogolo kunali bambo wa boma wovala tayi, waulemu ndithu, ali ndi mapu pakhoma. Anati madzi a m'zitsime ayezedwa ndipo zimene apezamo n'zochepa, zosafika poopsa, ngakhale apitiriza kuyeza. Anati zotsalira za zitsulo zija n'zolemera, sizipita patali ndi madzi, zimakhazikika m'matope a m'ngalande pafupi ndi mpanda. Peggy anaimirira n'kufunsa za ana amene amasewera kumeneko. Bamboyo anamwetulira, anatambasula manja, n'kuyankha mofatsa kuti anthu mitima ikhale pansi.

"Mayi, kukhudza chabe sikungapweteke munthu. Kuti matope amenewo akuvulazeni, pokhapokha mutamawadya ndi supuni tsiku ndi tsiku."

Holo yonse inaseka, ngakhale aja anali okwiya. Gogo Irene anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinali ndi kachibenthu m'kamwa nthawi yomweyo, katafewa kale ndi malovu. Sindinathe kukameza, sindinathe kukalavula. Mwana anagunda m'mimba. Ndinayang'ana a Nachisale, iwo anayang'ana kutsogolo ngati sakundidziwa. Mantha amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chiyambire, ngakhale tsiku limene ndinaika amuna anga m'manda.

Titawagoneka gogo kuti apumule, tinakhala m'galimoto panja. Ndinati mawa ndikukauza adokotala kusikelo. A Nachisale anandigwira mkono mpaka kuwawa.

"Iwe, usayerekeze. Ukangoti umadya dothi, akuripota kwa asoshowekha, aboma aja oona za ana. Kuno mayi wodya dothi amati mutu sukugwira. Mwanayo akangobadwa amutenga, iwe akudipota, ukatsika ndege ku Lumbadzi ndi mabere okha akuchucha."

"Nanga ngati ndamupweteka, asisi?"

"Ukanena ndiye achira? Inenso ndinadya, ndafa? Kwa eni kulibe mkuwe, mng'ono wanga. Tseka pakamwa."

Kaya zinali zoona kaya anali amodzi mwa malamulo awo aja, ine sindinkadziwa, ndipo ndinalibe wina womufunsa. Ndinatseka pakamwa. Dothi lotsala ndinalikulunga m'mapepala n'kulitaya m'bini, ndinakwecha uvuni mpaka manja kusupuka. Chimene chinandinyansa kwambiri n'chakuti thupi linkalifunabe. Mvula ikagwa ndinkatseka mawindo kuti fungo lisalowe, malovu akudzaza m'kamwa, ine ndikulira.

Mwana wa gogo atamva za msonkhano anayamba kutumiza madzi a m'mabotolo akuluakulu. Gogo anawakana, anati sakoma kanthu, ndiye ndinkamwa ndine. Peggy anabwera masana ena n'kundipempha kuti ndikaime naye pamaso pa atolankhani. Anati mayi woyembekezera wokhala pamsewu umenewu ndi amene angawagwedeze aboma, poti zithunzi za akufa anazizolowera. Ndinakana. Anandichonderera, ndinakanabe, ndikunamizira ntchito. Anandiyang'ana mimba, anandiyang'ana kumaso, n'kunena kuti ankaganiza kuti mayi aliyense amamenyera mwana wake nkhondo. Sanandipatsenso moni kuchokera tsiku limenelo. Ndinamukwiyira, koma ndinkadziwa kuti pamsewu wonsewo munthu amene akanandimvetsa anali iyeyo, ndipo sindikanatha kumuuza.

Mwana anabadwa kuchipatala cha m'tauni, wamwamuna, wolira mokweza. Anamwino asanamalize kumupukuta ndinali nditayamba kale kumufufuza zala, makutu, kumsana, m'kamwa. Zonse zinali m'malo mwake. A Nachisale anavina m'chipindamo n'kunena kuti waona, ndinakuuza. Ndinamutcha Limbani. Koma mtima sunakhale pansi, chifukwa ndinali nditamva Peggy akunena kambirimbiri kuti zinthu zimenezi zimabisala m'thupi n'kudzatulukira patapita zaka. Thewera lililonse ndinkaliyang'anitsitsa pawindo ndisanalitaye. Akagona kwambiri ndinkamudzutsa, akalira kwambiri ndinkati zayamba.

Gogo Irene anamwalira Limbani akukwawa. Anamwalira ndi ukalamba basi, ali m'tulo ta masana. Nyumba inatsekedwa, ndipo ine ndinasamukira ku Indianapolis kumene ndinamva kuti nyumba zosungira okalamba zikufuna anthu. Ndinapeza chipinda pafupi ndi Lafayette Square, m'mwamba mwa banja lina la ku Mexico, ndipo ntchito inali ku Lawrence, mbali ina ya mzinda. Wopanda galimoto kumeneko ndi wolumala. Ndinkasintha mabasi, kuyenda wapansi m'mbali mwa misewu yopanda njira ya anthu, mwana nditamusiya kwa mayi wina wa kumpingo. Lamlungu tinkapemphera m'Chichewa m'chipinda chobwereka, n'kudyera limodzi, ndipo aliyense ankati Limbani ndi mwana wathanzi. Ndinkavomera n'kuthokoza.

Ndinadzaulula Limbani atakwanitsa zaka ziwiri. Anatentha thupi, mkodzo wake unasintha mtundu, ndipo ndinathamanga naye kuchipatala cha ana ndikudziwa mumtima kuti tsiku lija lafika. Dokotala anali mayi wakuda, kalankhulidwe kake ka ku West Africa. Anati ndi matenda wamba a m'chikhodzodzo, mankhwala alipo. Akulemba, ine pakamwa panangotseguka pokha. Ndinanena zonse, za ngalande, za supuni, za bambo wa tayi uja, ndikumukumbatira Limbani mwamphamvu kuti akabwera kudzamutenga ayambe andidula manja. Dokotalayo anaika cholembera pansi. Anati amayi ake omubereka nawonso ankadya dothi pamimba zawo zonse, ndipo palibe amene adzatenge mwana wanga. Ndinalira ngati wamasiye, pang'ono chifukwa cha mpumulo, pang'ono chifukwa cha ukali, poganiza nthawi yonse imene ndinakhala chete pachabe.

Anatiyeza tonse awiri, magazi ndi mkodzo. Titabwerera kukamva zotsatira anati sanapeze chodetsa nkhawa. Ndinafunsa ngati ndiye kuti mwana wanga wapulumuka. Ndinamulemekeza chifukwa sanandinamize.

"Sindinganene kuti wavulala, sindinganenenso kuti sanavulale. Sitikudziwa zomwe zinali m'dothilo kapena kuchuluka kwake. Muzibwera naye chaka ndi chaka tizimuona."

"Mpaka liti, adokotala?"

"Sindikudziwa, mayi."

Mawu amenewo ndiwo anandikhomera chitseko. Limbani anabadwira kumeneko, ndiye chipatala chinali chake mwaufulu. Ine ndinali wopitirira masiku, ndipo ndikanangotuluka m'dzikomo sakanandilolanso kulowa. Kupita naye kumudzi kunali kumuchotsa pamaso pa okhawo amene akanaona matenda asanakule. Ndinkaganiza za chipatala cha kwathu, mzere wake, ndi mmene ndikanafotokozera adokotala otopa kuti mwana uyu sakudwala koma mumuyeze poizoni wa mabomba. Kumusiya ndi anthu n'kupita ndekha sindikanatha, ndinali nditasiya kale mmodzi. Kumuitanitsa Tiya kunalibe njira, poti munthu amene kulibe m'mabuku a boma saitana mnzake. Ndinakhala, n'kudziuza kuti ndingodikira kuyeza kumodzi kokha, zikakhala bwino tinyamuka.

Zinkakhala bwino, ndipo sitinkanyamuka. Chaka chilichonse dokotala ankati palibe kanthu, tionane chaka chamawa, ndipo ine ndinkamva mawu omalizawo okha. Nthawi ina ndinafika pofunsa mtengo wa matikiti. Sabata yomweyo a Nachisale anaimba foni kuchokera ku South Bend kundiuza kuti kungalande kuja kwabwera anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akukumba matope n'kuwanyamula m'magalimoto ophimba, uku aboma akunenabe kuti panalibe choopsa. Anafotokoza ngati nkhani yoseketsa, koma iwo eni sankaseka. Ndinawafunsa kuti ngati dothilo linali labwinobwino, nanga akulinyamuliranji atavala ngati opita kumwezi? Za matikiti ndinazisiya.

Kumudzi ndinkaimba ndi makadi ogula m'sitolo za pa Lafayette Road, aja amatha mawu ali pakamwa. Achemwali ankapita ndi Tiya kwa aphunzitsi ena amene anali ndi foni. Za dothi sindinawauze, ndinangoti Limbani ali ndi vuto lofuna madokotala akuno, ndiye sindingabwere msanga. Achemwali anakauza amayi a mpingo, ndipo dzina la Limbani linalowa m'mapemphero a Lachinayi lililonse. Tiya ankafunsa kuti mubwera liti, ine ndinkati chaka chamawa, mlongo wako akangopeza bwino. Iye ankati chabwino, mumupatse moni, ndikumupempherera. Bolopeni ndinatumiza mwa munthu, paketi yonse. Anatha msinkhu ine kulibe, anamulangiza achemwali ndi anzawo. Ndinamva patapita mwezi, ndili pa siteji ya basi, ndipo ndinakhala pabenchi mabasi akundidutsa. Kenako anasiya kufunsa za kubwera. Pafoni ankangondiuza mmene wakhozera mayeso, mwaulemu, ngati akupereka lipoti kwa ahedi.

Limbani ankakula ngati chimanga cha padimba. Chichewa ankamva chonse koma ankayankha m'Chingerezi, ndipo ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani amayi ake amamutsatira kuchimbudzi kukaona mkodzo. Sanadziwe kuti akudwala, poti sankadwala. Anzanga kumpingo ena anagula nyumba, ena anamaliza sukulu ya unamwino, ena anakwatiwa n'kupeza mapepala. Ine ndinkangozungulira pakati pa Lafayette ndi Lawrence, ndikukweza nkhalamba, msana ukuyamba kulira. Amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwa ndithu, ndili ndi mwana uku ndi mwana uko, wina ndikumuona koma ndikuopa kumutaya, wina ndikumutaya osamuona.

Chomwe chinandizula si kulimba mtima. Chuma cha dziko lija chinagwa, anthu anayamba kuchotsedwa ntchito, ndipo mabwana anayamba kufunsa mapepala amene kale sankafunsa. Nthawi yomweyo achemwali anachita sitiroko, mbali imodzi inafa. Amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza anali Tiya, mtsikana wa kusekondale, akujomba kusukulu. Ndinaganiza kuti ine ndikusambitsa amayi a eni kuno, mwana wanga akusambitsa achemwali anga uko. Ndinapita kwa dokotala uja komaliza. Anamuyeza Limbani, anati palibe kanthu, anandiuza zizindikiro zoti ndiziyang'anira, n'kundigwira dzanja. Sananene kuti pitani, sananene kuti khalani. A Nachisale anabwera ndi chigayo chawo chija kudzatiperekeza ku bwalo la ndege, ndipo njira yonse ankandilangiza malamulo a kasitomu, aja osecha katundu, n'cholinga choti iwo asalire.

Titafika ku Balaka, pakhomo panadzaza anthu. Amayi a mpingo anabwera ndi nyimbo, okonzeka kulandira mwana wodwala amene anamupempherera zaka zonsezo. Ena anali atayala mphasa pamthunzi kuti afikire kugona. Limbani anatsika m'galimoto masaya ali phwii, miyendo ngati ya wosewera mpira, ndipo asanamalize kupereka moni anali atathamangitsa kale nkhuku mpaka kuseri kwa khola. Nyimbo inapitirira koma inachepa mphamvu. Amayi ena anati Mulungu wayankha, ena anangoyang'anana. Achemwali anali pampando pakhonde, pakamwa patapotoka, ndipo anandigwira nkhope ndi dzanja lawo lamoyo osatha kutulutsa mawu.

Tiya sindinamuzindikire mpaka atagwada patsogolo panga. Anali wamtali kuposa ine, nkhope ya bambo ake. Anagwada patali, monga amachitira kwa alendo olemekezeka, n'kundifunsa ngati ndayenda bwino. Ndinamukoka kuti ndimukumbatire, ndipo analola, thupi lili gwa, mpaka nditamusiya. Kenako ananditengera chikwama, anandiwiritsira madzi osamba, anandiyalira pogona. Sanalakwitse kanthu. Ndikanakonda akanandilalatira.

Patatha masiku angapo alendo atachepa ndinamupeza kuseri kwa nyumba akuchapa nsalu za achemwali. Ndinakhala pansi n'kuyamba kutsukuluza, ndipo sanandiletse. Limbani anali m'mwamba mu mtengo wa gwafa ndi ana a oyandikana nawo, akukuwa m'Chingerezi chake. Tiya anamuyang'ana nthawi yaitali, manja ali m'beseni.

"Ndiye matenda akewo ndi ati?"

Ndinamuuza zonse, kuyambira pa ngalande mpaka kwa dokotala. Anamvetsera osandidula, akupitiriza kufikisa nsalu.

"Koma anamupeza ndi chiyani?"

"Sanamupeze ndi kanthu."

"Zaka zonsezi?"

"Zaka zonsezi. Ankati mwina zidzatuluka."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anafinya nsalu, n'kunena kuti tithokoze Mulungu. Ananena moona mtima, ndipo n'chimene chinandilasa. Ndinafunafuna choti ndimupatse m'malo mwa ubwana wake wonse, ndipo ndinalibe. Ndinakweza maso kuyang'ana mwana wanga wamwamuna, amene ndinamulondera usana ndi usiku, ali wathanzi pa nthambi ya pamwamba, ndipo Mulungu andikhululukire, kwa kanthawi kochepa ndinalakalaka akanakhala ndi kachotupa ngakhale kamodzi koti ndimuonetse mlongo wake.

Nthambi inagwedezeka, ine ndinadzambatuka osadziwa, madzi n'kutayika m'beseni. Tiya anandiona. Anapukuta manja pachitenje, anaimirira, n'kuitana mofatsa.

"Limbani, tsika. Amayi ako akuopa ugwa."